Kuwerenga Miyendo ya Gulugufe

Ntchito yanga ndi yosoka. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Mutare, kufupi ndi pokwerera maminibasi amene kuno timati makombi, ndipo zambiri zimene ndimagwira ndi mayunifomu a ana a sukulu, kupinda mathalauza ndi kusintha mazipi. Tsiku lina m'mawa, mvula itangoyamba kumene chaka chimenecho, panafika mayi wina wamtali wovala nsapato zoyendera kutchire. Anali atanyamula neti ya udzudzu yoyera ndi waya wopinda ngati mkombero wa lichero. Anandilankhula m'Chishona kuti ndiwasokere thumba pawayapo, logwirira agulugufe. Anajambula papepala thumba losongoka kunsi.

"Likasongoka chonchi, gulugufe amakathinana kunsongako n'kuthyoka mapiko," ndinatero. "Kunsi kukhale kozungulira. Thumbalo litalike kawiri kuposa kukamwa kwake, kuti mukapotoza dzanja lizitseka lokha. Ndipo m'mphepete mwa wayamu tiikemo nsalu yolimba, apo ayi minga ing'amba tsiku loyamba lomwelo."

Mayiwo anandiyang'ana osaphethira. Inenso ndinadzidabwa, chifukwa mawu amenewo sindinkadziwa kuti ndinawasunga.

Ndinabadwira pa famu ya nthochi ku Burma Valley, pafupi ndi malire a Mozambique. Ababa anachokera ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Ntchito yawo yeniyeni inali yothirira nthochi. Koma dona, mkazi wa mwini famuyo, ankatolera agulugufe n'kumawabaya ndi mapini m'madilowa a galasi, ndipo anasankha ababa kuti azimugwirira chifukwa anali aliwiro. Kawiri pa sabata ankawachotsa kumunda n'kuwatumiza m'nkhalango za m'phiri atanyamula neti. Kukomboni kwathu, kumene tinkakhala antchito, nkhani imeneyi inali ya phwete. Amuna anzawo ankati munthu wandevu akuthamangitsana ndi tizilombo. Kusukulu ankanditcha mwana wa agulugufe, ndipo ndinamenyanapo ndi anthu awiri chifukwa cha dzinalo. Neti ikang'ambika amayi ankaisokera pakhonde, ine nditaigwirira, nkhope nditayang'ana kumbali kuti odutsa asandizindikire. Pa zaka zonsezo sindinawafunsepo ababa funso ngakhale limodzi za ntchito imeneyo.

Nthawi yolanda mafamu itafika, azungu aja anachoka m'kati mwa sabata imodzi. Madilowa a galasi anakwezedwa m'lole, ndipo kumene anathera sitidziwa. Ife tinatsalako miyezi ingapo mpaka tinauzidwa kuti nyumbazo zili ndi eni ake atsopano. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene ku Sakubva, dera lina la m'tauni ya Mutare, choncho makolo anga anabwera kudzakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba yathu. Ababa anapeza ntchito ya ulonda wa masana, kutsegula ndi kutseka geti pamalo ena ogulitsa matabwa. Anagwira pamenepo zaka zoposa khumi, ndipo mawu oti gulugufe sanatulukenso pakamwa pawo.

Zonsezi ndinawafotokozera mayi aja mwachidule ndikudula neti. Iwo anati ndi aphunzitsi pa koleji ina, ndipo zimene amazidziwa bwino ndi tizilombo towononga mbewu. Tsopano anali atapatsidwa ntchito yolemba mitundu ya agulugufe imene yatsala m'nkhalango za ku chigwa kwathu kuja. Mabuku anali nawo, kamera anali nayo, koma njira za m'phiri sankazidziwa. Anapempha kuti aonane ndi ababa. Ndinati akalamba, sangalole.

Madzulo ake ndinaikamba nkhaniyo kunyumba ngati nthabwala. Ababa anasiya kapu ya tiyi panjira yopita kukamwa.

"Akufuna kupita liti?"

Amayi anadzidzimuka. "Abambo, nanga mwendo wanu uja?"

Ababa analibe vuto la mwendo limene ine ndinkalidziwa. Ndinaona kuti amayi akuwayang'ana mwa mtundu wina, koma sindinazitengere.

"Uwauze Loweruka," anatero ababa. "Ndipo iwenso upite nawo. Ukandinyamulire neti."

Loweruka tinanyamuka m'mawa pa galimoto ya aphunzitsi aja. Ababa anakhala kutsogolo atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi chipewa chotsikira kumaso. Titayamba kutsetsereka kulowa m'chigwa anayamba kulondolera njira asanafunsidwe. Ankadziwa pamene msewu ukhote, pamene pali kamlatho, pamene phula lithere.

"Tikawoloka kamlatho kachiwiri, kumanzere kuli mkuyu waukulu. Muimike pamenepo."

Tinawoloka. Kumanzere kunali munda wa chimanga ndi uvuni wa njerwa.

"Ababa, mkuyu uja anadula," ndinatero.

"Eya, ndaona," anayankha msanga. Potsika m'galimoto anagwira phewa langa, n'kunena kuti maondo auma ndi kukhala.

Malowo tsopano anali a mayi wina amene tinamupeza akupalira. Anatilandira bwino, anatipatsa madzi, ndipo atamva chimene tadzera anaseka pang'ono n'kutilola kudutsa. Anati mitengo ikuluikulu yatsala malo awiri okha, m'mbali mwa mtsinje ndi kumanda a achimwene, chifukwa kumandako palibe amene amalimba mtima kulowetsako nkhwangwa. Achimwene ndi mmene anthu a kuno amatitchulira ife ochokera ku Malawi. Kumanda amenewo kunagona mchimwene wanga woyamba, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Titafika m'mphepete mwake ababa anavula chipewa kanthawi, kenako anachivalanso n'kupempha kuti ndiwapezere mwala wokhalapo.

Pakati pa manda ndi mtsinje panali tchire la maluwa ang'onoang'ono, ndipo dzuwa litakwera pamenepo panadzaza agulugufe. Ambiri anali a mtundu wina waukulu, wakuda wokhala ndi zigamba zoyera mbee m'mapiko. Aphunzitsi anatsegula buku lawo la zithunzi, n'kuloza chithunzi chimodzi, n'kuyamba kuwerenga ndi kulemba. Anati onsewo ndi mtundu umodzi, ndipo aona khumi ndi mmodzi.

"Mwana wanga," anatero ababa ali pamwala paja, "tasankha mmodzi amene ali pa duwa. Umuyang'anitsitse. Akumwa atakhazikika, kapena akunjenjemeretsa mapiko?"

Ndinayang'ana. "Wangolendewera. Mapiko ali phee."

"Ameneyo ndi mwini malaya. Tayang'ana wina."

Wachiwiri anali chimodzimodzi, wachitatunso. Wachinayi ndiye anali ndi khalidwe lina. Ankamwa ataimirira pa duwa ngati munthu wofulumira, mapiko akunjenjemera osaleka.

"Uyo ndi wobwereka," anatero ababa. "Uwauze amayiwa achotse mmodzi pa chiwerengero chawo."

Chishona cha ababa chinali chosakanikirana ndi Chichewa, choncho ndinamasulira. Aphunzitsi anamwetulira mwaulemu. Anati, "Sekuru, m'mabuku alembamodi kuti pali wina wofanana naye, koma ndi maso okha simungawasiyanitse ali patali." Sekuru ndi mmene Ashona amaitanira munthu wamkulu.

"Mugwireni," anatero ababa.

Ndinaphonya katatu, kamodzi n'kugwera m'minga. Kachinayi analowa, ndipo ndinapotoza dzanja thumba n'kutsekeka monga ndinanenera pakhonde paja. Ndinapita naye kwa ababa. Analowetsa dzanja m'neti osayang'anamo n'komwe, n'kumutulutsa atamugwira pachifuwa ndi zala ziwiri, mapiko atatsekedwa m'mwamba. Ndinali ndisanaonepo zala zawo zokhakhalazo zikugwira chinthu mofatsa chotero. Anamuyandikizitsa ku chala cha dzanja linalo, timiyendo take n'kuchikakamira.

"Werengani miyendo."

Aphunzitsi anawerama. "Isanu ndi umodzi."

"Tsopano gwirani mmodzi wa olendewera aja."

Ameneyo sanavute, ankauluka mwaulesi ngati alibe mdani. Ababa anamugwira chimodzimodzi.

"Inayi," anatero aphunzitsi, mawu atatsika.

"Ina iwiriyo ilipo, koma ndi tating'ono, anaipinda pachifuwa, sayendera. Tamutsinani pang'ono apa. Mukumva? Wolimba ngati mphira. Tamununkhizani." Aphunzitsi ananunkhiza n'kukwinya mphuno. "Uyu ali mbozi amadya chilambe chotuluka mkaka wowawa. Mbalame ikamulawa imalavula, ndipo siiwalanso malaya amenewa. N'chifukwa chake amayenda mosatekeseka. Mnzakeyu ndi wofewa, ndi ndiwo yabwino kwa mbalame. Chimamupulumutsa ndi malaya obwerekawa. Koma miyendo sanabwereke, ndi kadyedwe sanabwereke."

Tinawaika awiriwo pafupi. Ine ndimakhalira kusiyanitsa nsalu, ndimatha kuona kuti ulusi uwu ndi wakuda mosiyana ndi uwo, koma pa mapiko amenewo ndinachita kufunafuna kuti ndione kusiyana. Aphunzitsi anafufuta nambala yawo. Tinayambiranso, ine ndikuyang'ana mmodzimmodzi, ababa akufunsa, iwo akulemba. Pa khumi ndi mmodzi aja, atatu anali obwereka. Pofika masana aphunzitsi anali atakhala pansi paudzu pafupi ndi mapazi a ababa, buku la zithunzi atalitseka, akufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Ababa ankayankha za miyezi imene mtundu uliwonse umachuluka, za mitengo imene umaikira mazira, za amene amatsikira pamatope ndi amene sachoka kunsonga za mitengo.

Munthu ameneyu sadziwa kulemba dzina lake, amadinda ndi chala. Ndinakula ndikuganiza kuti ntchito yawo inali kuthamanga basi, nzeru zonse zinali za dona. Ndinachita manyazi pokumbukira mmene ndinkabisira nkhope pakhonde paja.

"Ndipo obwereka onsewa ndi aakazi," anapitiriza ababa. "Mwamuna wake simungamuganizire. Ndi wotuwa ngati mkaka wowira, m'mphepete mwakuda, ali ndi timichira tiwiri kumbuyo."

Ndinaseka. Ndinati zimenezo ndiye ayi, nkhuku ndi bakha sangakhale banja limodzi. Aphunzitsi anati mabuku amateronso, koma iwo sanamuonepo wamoyo.

Sipanapite nthawi, wamwamunayo anatulukira. Anachokera kumtsinje, wamkulu, wowala moti diso linkangothamangira kwa iye lokha, timichira tikugwedezeka. Anazungulira kawiri n'kutera pa duwa limene linali pafupi ndi bondo la ababa. Akanatambasula dzanja akanamukhudza.

"Sekuru," ananong'oneza aphunzitsi, "taonani."

Ababa anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo, osati ku duwa.

"Akunjenjemeretsa mapiko?" anafunsa. "Tayang'ana bwino, mwana wanga. Mwina ndi mwini malaya."

Gulugufe uja anamwa, anauluka kudutsa pamaso pawo penipeni, ndipo maso awo sanamutsate.

Kwathu mwana wamkazi sayang'ana bambo ake m'maso. Ndinali ndi zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo polankhula nawo ndinkayang'ana pansi kapena pa mabatani a malaya awo. Tsiku limenelo ndinagwada patsogolo pawo, n'kukweza mlomo wa chipewa chawo ndi dzanja langa. Pakati pa maso onse awiri, pamene pamayenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Ababa, mpango umene ndavalawu ndi wamtundu wanji?"

"Mafunso otani amenewo ofunsa munthu wamkulu?"

"Ababa."

Anabweza chipewa chawo pang'onopang'ono. Aphunzitsi ananyamuka n'kutsikira kumtsinje ngati pali chimene aiwala kumeneko.

"Ndimaona kuti uku kwawala, uku kwada," anatero. "Munthu akaima pafupi ndimaona chithunzithunzi."

"Kuyambira liti?"

"Ino ndi mvula yachitatu."

Ndinakhala pansi pomwepo. Mvula yachitatu! Munthu ndikukhala naye mpanda umodzi, ndimamupatsa madzi osamba m'manja tsiku lililonse. Mafunso onse a m'mawa uja ndinkayesa akundiphunzitsa, chonsecho ankabwereka maso anga.

"Nanga kugeti? Ababa, inu ndinu mlonda!"

"Malole onse ndimawadziwa kulira kwake. Anthu ndimawadziwa mawu ndi mapazi. Kuchokera potsikira kombi kukafika pageti ndi mapazi owerengeka, ndinawawerenga kale. Amayi ako amandiperekeza kokwerera."

Ndinakumbukira kuti amayi anayamba chizolowezi chopita kumsika m'mamawa kwambiri, nthawi imene ababa amanyamuka, ndipo ndinkawaseka kuti ukalamba wawabwezera chikondi.

Ndinkafuna kulira, ndinkafunanso kukalipa, koma ababa anali atabwerera kale ku ntchito yawo. "Wobwereka woyamba uja musamutaye. Mimba yake ndi yolemera, ali ndi mazira. Iwe sunakhulupirire za mwamuna wake, ndiye ukadzionere wekha. Itana amayiwo, mundithyolere masamba a mitengo ya m'mbali mwa mtsinjemu."

Tinawabweretsera masamba a mitundumitundu. Ankafikisa lililonse ndi zala n'kununkhiza, n'kutaya. Lachisanu ndi chiwiri linanunkhira ngati ndimu. Anati ndi umenewo, tidule nthambi zingapo. Pa ulendo wobwerera ababa anangofunsa ngati chitini chimene munali gulugufe chili pamthunzi.

Titafika kunyumba ndinawakokera amayi kuseri, kumene timachapira.

"Mumadziwa, amayi?"

Sanafunse kuti chiyani. Anapukuta manja pachitenje. "Anandilumbiritsa."

"Zaka zitatu! Akanagundidwa ndi galimoto mukanandiuza chiyani?"

"Iwe sukudziwa kukhala kuseri kwa nyumba ya mkamwini," anatero amayi. "Bambo ako anachotsedwa kumene anagwira moyo wawo wonse, n'kubwera kudzakhala m'chipinda cha ana. Chimene chinatsala choti azidzuka nacho m'mawa ngati mwamuna ndi geti lija. Ndiye ndiwalande ine? Za chipatala ndinanena mpaka kutopa. Akuti kumeneko amakolowola diso. Akutinso chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo, akakafika adzayamba kufunsidwa kuti kwanu n'kuti."

Lolemba sindinatsegule makina. Ndinapita kumalo a matabwa kuja n'kuima tsidya lina la msewu, kuseri kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha. Ndinawaona ababa atakhala pampando wawo. Lole ina isanakhote n'komwe, anali ataimirira kale, akutchula dalaivala dzina lake, geti n'kutseguka bwinobwino. Munthu sakanadziwa. Koma cha m'ma teni lole ina yodzaza matabwa inatuluka chobwerera m'mbuyo, ndipo thabwa limodzi lalitali linali litatulukira kumbali. Ababa anaima pamalo awo a masiku onse atagwira geti. Thabwalo linadutsa n'kukhudza chipewa chawo, chinagwa pansi. Iwo anaseka, akuyesa ndi mphepo, n'kuwerama kuchifufuza ndi manja.

Ndinawoloka msewu osayang'ana n'komwe magalimoto, n'kulowa kwa kapitawo wa pamalopo kukamuuza kuti ababa saona. Poyamba anakana kukhulupirira. Anati madala amenewa ndiwo mlonda wabwino kuposa onse amene anakhalapo, sabata yatha yomweyi anagwira munthu akutuluka ndi thabwa m'jasi. Kenako anatuluka, n'kuima patali pang'ono ndi ababa, n'kukweza dzanja osalankhula. Analikweza nthawi yaitali. Atalitsitsa, nkhope yake inali ngati waona maliro.

Tsiku lomwelo ababa anauzidwa mwaulemu kuti akapume. Tinakwera kombi imodzi. Titatsika anakana kugwira phewa langa.

"Wandivula pagulu," anatero, ndipo mawu amenewo ndiwo anali omaliza kundilankhula ngati mwana wawo kwa milungu yambiri.

Chimene chinatsala pakati pathu chinali ndowa. Gulugufe uja tinamuika m'ndowa ya pulasitiki pamodzi ndi nthambi zija, pamwamba nditamangapo chotsala cha neti ya aphunzitsi. Ababa ankamumwetsa madzi a shuga pa kathonje. Gulugufeyo anaikira timazira tozungulira ngati mikanda yaing'ono, kamodzikamodzi pamasamba, kenako anafa. M'mawa uliwonse ndisanapite kutauni ababa ankatulukira pakhomo n'kufunsa khoma, osati ine, kuti, "M'ndowamo muli zotani lero?" Ine ndinkayankha khomalo. Timbozi titatuluka tinkaoneka ngati zitosi za mbalame, moti amayi anatsala pang'ono kutitaya poyesa mpheta zalowamo. Tinakula n'kusanduka tobiriwira. Aphunzitsi ankabweretsa nthambi zatsopano sabata iliyonse, ndipo ababa ankacheza nawo momasuka, akuseka, ine nditakhala pomwepo ngati mpando. Aphunzitsiwo anayesa kutchula za chipatala, ababa anasintha nkhani. Pambuyo pake mbozi zija zinadzimangirira kunthambi n'kukhala zikwa zooneka ngati masamba opindika. Zinalipo zisanu ndi zinayi.

Patapita mwezi ndi theka kuchokera tsiku la ku chigwa lija, Lamlungu lina tikukonzekera za kutchalitchi, ndinasuzumira m'ndowa n'kukuwa. Pa neti panalendewera gulugufe wotuwa ngati mkaka wowira, wa timichira tiwiri, mapiko akadali ofewa. Mayi wake ndinamugwira ndekha, wakuda ndi zoyera, wopanda mchira. Ndowayo ndinaimanga ndekha. Palibe china chinalowamo.

"Wa timichira?" anafunsa ababa ali pakhomo, ndipo ndinamva kuti akumwetulira.

M'masiku otsatira anatuluka ena, amuna awiri, aakazi akuda ndi zoyera ngati mayi wawo anayi. Aliyense ababa ankamugwira, kumuwerenga miyendo ndi chala, aphunzitsi akamujambula n'kumutengera kuchigwa kukamumasula. Chikwa chimodzi chinada n'kuuma. Chomaliza chinachedwa masiku awiri, ndipo chitasweka ndinaganiza kuti maso anga ndi amene ayamba kudwala. Amene anatulukayo anali wofiirira ngati njerwa yootcha, kunsonga za mapiko kwakuda ndi mawanga oyera, chimodzimodzi agulugufe wamba amene amadzaza m'mbali mwa njanji. Amayi atamuona anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti zinthu zimenezi zichoke pakhomo pano, si zabwino.

"Wati wotani?" anafunsa ababa. Ulendo uno anafunsa ine.

"Wofiirira, ababa. Ngati a kunjanji aja."

"Bwera naye kuno."

Anamugwira, anawerenga miyendo, isanu ndi umodzi. Anamutsina pang'ono, wofewa.

"Uyu wabwereka kwa mwini wina," anatero. "Mimba imodzi, malaya a mitundu itatu. Zaka zonse zija ndinamutulutsapo kamodzi kokha, ndipo dona sanagone ndi chimwemwe."

Anatuluka naye pabwalo n'kuyang'ana kumene kunali dzuwa. Anamukweza pafupi ndi diso lakumanja mpaka phiko linakhudza nsidze. Anamusunthira ku diso lamanzere. Anamutembenuza uku ndi uku, akutsinzina ndi kutsegula. Ine ndi amayi tinangoima. Patapita nthawi anatsitsa dzanja n'kundipatsira gulugufeyo, n'kulowa m'chipinda chawo. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pakhonde atavala jekete ya kutchalitchi, chitupa chili m'thumba la pachifuwa.

"Chipatala cha masocho chili kuti?"

Tinaima pamzere theka la tsiku. Namwino analemba zimene zinali pachitupa osakweza n'komwe mutu, ndipo palibe anafunsa za ku Dedza. Dokotala anawunika n'kunena kuti ndi ng'ala, matenda a anthu okalamba, ndipo amachotsa sabata iliyonse. Anafunsa chifukwa chimene tinachedwera chonchi, akuyang'ana ine. Anatipatsa tsiku la diso lakumanja, patapita milungu isanu.

Opaleshoniyo inatenga nthawi yochepa kuposa imene ndimasokera siketi. Tsiku lotsatira tinabwerera kuti akachotse bandeji, ine ndi amayi titaima kumapazi kwa bedi. Namwino atamatula, ababa anaphethira kambirimbiri, misozi ikutsika. Anayang'ana manja awo, kenako zenera, kenako amayi. Anatsegula pakamwa.

"Imvi zonsezi zabwera liti?"

"Mwandimeretsa ndinu," anayankha amayi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Kenako anatembenukira kwa ine. Ndinafuna kuyang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma anati ndidzutse mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka namwino anafunsa ngati akumva kupweteka.

"Wasanduka mlongo wanga," anatero. "Amene ndinamusiya kumudzi. Mphumi yomweyo."

Sindinkadziwa kuti ababa anali ndi mlongo. Amayinso anati akumva koyamba. Tili m'kombi pobwerera anatiuza kuti anali wamkulu kwa iwo, ndiye anawalera makolo atamwalira, ndipo iwo anachoka osamutsanzika chifukwa akanawaletsa. Ankalankhula akuyang'ana pawindo, akudukiza nkhaniyo kuti afunse za nyumba zatsopano ndi za misewu yokumbika, ngati munthu wobwera kuchokera kutali.

Diso lachiwiri anachita chaka chotsatira. Ababa anayenda ndi aphunzitsi aja nyengo ziwiri za mvula, kuchigwa ndi kumapiri a Vumba. Ulendo woyamba atabwerako ali ndi maso anangoti sankadziwa kuti phiri lingathe kumetedwa chotero. Kumudzi tinalemba kalata kudzera kwa munthu wina wochita malonda amene amapita ku Malawi kawirikawiri, ndipo yankho linabwera loti azakhali angawo anamwalira kalekale, koma ana awo alipo, ndipo mmodzi timalankhulana naye pafoni.

Kugeti kuja sanabwerereko, malo anali atalowa wina. Pa nkhani imeneyo sananenepo kuti ndinachita bwino. Mpaka lero mlendo akabwera kunyumba n'kufunsa kuti madala anapuma liti pantchito, ababa amaloza ine ndi ndodo yawo n'kunena kuti sanapume, anachotsedwa ndi mwana wobereka okha.